Mawaya a galimoto akupsa ndi kutentha kwa ekizozi

Mwini Probox, Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha ndikuchokera ku Nkhata Bay nditanyamula matumba a chinangwa, galimoto yanga inazima pachitunda, ndipo m'katimo munamveka fungo la pulasitiki wopsa. Titatsegula boneti tinapeza kuti mtolo wa mawaya wodutsa kuseri kwa injini, pafupi ndi ekizozi, wasungunuka, mawaya awiri agundana mpaka fyuzi yapsa. Makaniko wina anakulungapo tepi wakuda, koma pangotha masiku anayi tepiyo wayamba kale kumatuka. Kodi ndichitenji kuti vutoli lisabwerenso?

Wokonza magetsi a galimoto, Luwinga:
Bambo, tepi wakuda ntchito yake ndi kutchinga magetsi, osati kutentha. Pulasitiki wokuta mawaya ambiri a galimoto amapirira kutentha kwa madigiri 85 mpaka 105, pomwe ekizozi pamene yangotuluka mu injini imapitirira madigiri 500 galimoto ikamakwera phiri italemedwa, monga momwe yanu inkachitira pamsewu umenewo.

Musanagule kanthu, yang'anani ngati lata lotchinga kutentha likadalipo pamwamba pa manifodi, chitsulo cha mapaipi chimene chimalandira utsi wotuluka mu injini n'kuupititsa ku paipi ya ekizozi. Ambiri amalichotsa chifukwa likusokosa, ena amaiwala kulibwezera akasintha gasiketi yotseka mpata pakati pa manifodi ndi injini, chikhalirecho latalo pamodzi ndi kampata ka mpweya kamene limasiya pakati pa chitsulo ndi mawaya ndiye chitetezo chenicheni. Mukalibwezera, mtolowo muusunthire kutali ndi paipi n'kuumangirira ndi timakilipu tachitsulo, chifukwa tizingwe tapulasitiki timauma n'kuduka pamalo otentha chotero. Waya amene wapsa musamukulunge, pakuti mukamupinda pang'ono muona khungu lake likusweka ngati chigoba cha dzira. Dulani mbali yonse youma, mulumikize waya watsopano wonenepa mofanana ndi wakaleyo, kenako muveke mtolowo chikuto cha faibagalasi chokhala ndi aluminiyamu kunja kwake, mbali yonyezimirayo iyang'ane kumene kukuchokera kutentha.

Woyendetsa minibasi ya ku Karonga:
Zimene anena a ku Luwingazo n'zoona, koma ine zinandionekera lata lili pamalo pake. Ndinasintha mawaya kawiri, ulendo uliwonse akupsera pokwera Chiweta, mpaka tinazindikira kuti gasiketi ya manifodi inali itaphulika ndipo inkapemerera mpweya wotentha pamtolo penipeni. Chizindikiro chake ndi mwaye wakuda pozungulira mabawuti, komanso kaphokoso koti tetete m'mawa injini ikadali yozizira, kamene kamachepa ikatentha. Muonenso mamaunting'i a injini (mphira zimene injini imakhalapo), chifukwa akatha injini imagwedera kwambiri pokwera, ndipo paipi imafika pamene siinkafika kale.

Mayi wa ku Katoto:
Chonde, achimwene, pamalo a fyuzi yopsayo musalole munthu kuikapo kawaya kapena fyuzi yokulirapo, monga ndaonera ena akuchitira pamsewu pofuna kungofika kunyumba. Fyuziyo ndiyo inapulumutsa galimoto yanu kuti isayake. Ndipo wokonzayo ayambe wachotsa waya wa negetivi pa batire asanagwire mtolowo.

Mwini Probox, Chibavi:
Zikomo nonse. Ndasuzumira ndi tochi madzulo ano, ndipo latalo palibe, pangotsala mabawuti awiri adzimbiri, limodzi loduka mutu. Mwaye sindinauone. Mawa ndilawirira kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakale kukafuna lata la Probox, ndipo galimotoyi siipitanso kunyanja mpaka litamangidwa.