Mbiri ya ogwira ntchito m'boma ikabedwa, chitetezo chake n'chotani?

Nangozo, Zomba:
Moni nonse. Mlongo wanga, yemwe tsopano ndi nzika ya dziko la America, wapeza ntchito m'boma la kumeneko, ndipo pa fomu yofufuzira mbiri yake akuyenera kulembapo dzina langa, tsiku ndi malo amene ndinabadwira, komanso kumene ndikukhala. Ndinamva kuti mafomu otere anabedwapo m'makompyuta a boma mu 2015. Kodi anthu amene tsokali linawagwera anatetezedwa motani, nanga ife achibale olembedwa pa fomuyo tili pa chiopsezo chotani?

Bambo Mbewe, Maryland:
Mayi Nangozo, zimene munamvazo n'zoona. Mu June 2015 ofesi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma, Office of Personnel Management, inalengeza kuti akuba analowa m'makompyuta ake n'kutenga mbiri ya anthu 4.2 miliyoni, ogwira ntchito ndi amene anasiya kale. Mwezi wotsatira zinadziwika kuti umbava wina woposa pamenepa unakhudza anthu 21.5 miliyoni, ndipo mkulu wa ofesiyo, Katherine Archuleta, anatula pansi udindo. Umbava wachiwiriwu ndi umene unakhudza fomu ya SF-86 imene alongo anu akudzaza, yomwe imafunsa za ngongole, matenda a maganizo, milandu, malo onse amene munthu anakhalako ndiponso achibale ake akunja. Zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni zinapitanso. Boma linalemba makampani a CSID ndi ID Experts kuti azilondera mbiri ya ngongole ya okhudzidwa, ndipo aphungu atadandaula kuti nthawi yake inali yochepa, anaitalikitsa kufika zaka 10, pamodzi ndi inshuwalansi ya madola 5 miliyoni. Kuyambira 2019 ntchito yofufuza mbiri inasamutsidwira ku nthambi ya unduna wa za chitetezo.

Mayi Chisale, Indiana:
Bambo Mbewe afotokoza bwino, koma ine sindikhutira ndi chitetezo chimene chinaperekedwacho, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amachidalira mopitirira muyeso. Kampani yolondera ngongole ili ngati mlonda amene amakudzutsani mbuzi zitatuluka kale m'khola: imakutumizirani uthenga wakuti wina watsegula akaunti m'dzina lanu, koma siimuletsa kutsegula. Khadi la ku banki likabedwa mumalisintha tsiku lomwelo, pamene tsiku lobadwa, dzina la amayi anu ndi zidindo za zala sizisinthika mpaka imfa, choncho zaka 10 zikatha wakubayo amakhala akadali nazo zonse.

Mayi Nangozo, chimene ndingawalangize alongo anu n'chakuti atseke mbiri yawo ya ngongole ku makampani amene amasunga mbiri yotere, Equifax, Experian ndi TransUnion, konse kutatu, chifukwa kutseka kumodzi sikukwanira. Kuyambira September 2018 kuchita zimenezi n'kwaulere. Mbiri ikatsekedwa, wobwereketsa ndalama sangathe kuiona, ndiye wakuba amene wabwera ndi nambala yawo ya Social Security, imene boma la America limadziwira munthu aliyense payekha, amabwezedwa. Iwo eni akafuna ngongole ya galimoto amaitsegula kwa masiku ochepa n'kuitsekanso. Apemphenso ku IRS, ofesi yotolera misonkho, nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene imaletsa munthu wina kutumiza mafomu a msonkho m'dzina lawo. Zikavuta ndithu, akadandaule pa webusaiti ya boma ya IdentityTheft.gov.

Bambo Mbewe, Maryland:
Ndikugwirizana nanu, Mayi Chisale, ngakhale sindingauze munthu kuti akane kulonderedwa kwaulereko. Tisaiwalenso kuti akuluakulu a boma ankaganizira dziko la China, lomwe linakana, kutanthauza kuti cholinga chiyenera kuti chinali ukazitape osati kuba ndalama, ndipo pamenepo inshuwalansi siithandiza kanthu.

Kwa inu Mayi Nangozo, popeza mulibe nambala ya Social Security, n'kovuta kuti wina atenge ngongole ku America m'dzina lanu. Chimene muyenera kusamala nacho ndi munthu woimba foni kapena wolemba pa WhatsApp amene akudziwa dzina la alongo anu ndi kumene amagwira ntchito, n'kumati ali pa mavuto mutumize ndalama msanga. Mudule foniyo, muwaimbire alongo anuwo pa nambala imene mumaidziwa. Zofunika pa fomuyo apatseni ndithu, chifukwa kubisa wachibale pa SF-86 ndi mlandu ndipo kungawachotsetse ntchito.