Fulashi ya mafilimu oseketsa opanda mutu aja, ndi yogula?

Che Saidi: Abale, pali fulashi ya 32GB, akuti muli mafilimu 40 oseketsa, opanda mutu aja. Ndikufuna ya vidiyo shoo kwa M'baluku. Ndigule kapena nkungotaya ndalama?

Anaphiri: Che Saidi, yambani mwafunsa kuti muli ati. Mukakhala The Gods Must Be Crazy ya 1980, ija botolo la Coca-Cola limagwa mundege n'kusokoneza mudzi wonse, komanso Shaolin Soccer ya 2001 ndi Kung Fu Hustle ya 2004 za Stephen Chow, tengani. Zimenezi zimaseketsa ndi thupi: munthu wagwa, mpira wayaka moto, mayi mwini nyumba akuthamangitsa munthu ndudu ili pakamwa. Wa Chiyao, wa Chichewa, mwana, gogo, onse amaseka malo amodzi.

Che Jafali: Koma anthu ogulitsa mafulashiwa amakonda kudzazamo za azungu. Monty Python and the Holy Grail ya 1975 kwawoko amaikonda mpaka kuloweza mawu ake. Asilikali alibe akavalo, wina akungoombanitsa zikamba za kokonati kuti zimveke ngati ziboda. Pamenepo anthu aseka ndithu, koma zambiri zotsalazo ndi mikangano ya pakamwa ya Chingerezi. Yopanda womasulira, mabenchi atsala okha isanafike pakati.

Anaphiri: Ngakhale ndi womasulira, achimwene. DJ womasulirayo akalowetsa mawu ake amatsitsa a filimu, ndiye nthabwala yodalira kachetechete imafa. Yomwe imayenda bwino ndi ndemanga ndi Who Killed Captain Alex? ya ku Uganda ya 2010, poti VJ wake, wopereka ndemanga ngati DJ wathuyu, ali kale mkati, filimuyo anthu amaidziwa choncho.

Bambo a Rashidi: Ine nkhawa yanga ili pa fulashiyo. Ya 32GB yeniyeni imaonetsa pafupifupi 29GB, ndiye mafilimu 40 ndi cha m'ma 700MB iliyonse. Pa TV ya mainchesi 32 n'zooneka, pa 43 nkhope zimayamba timabokosi. Yabodza imaonetsa maina onse 40 pomwe malo ake enieni ndi ochepa, mafayilo omalizira satseguka. Tsegulani 5 omwe analowa pomaliza, iliyonse muithamangitse mpaka kumapeto. Muyeserenso pa TV yanu yomwe, osati pa laputopu ya wogulitsa: ma TV otchipa ambiri sawerenga mafayilo a vidiyo a mtundu wa x265, mawu amamveka koma chithunzi chili bii. Funani MP4 ya x264.

Che Jafali: Onjezani apo: muonere nokha kaye usiku. Zina muli zotukwana ndi zamaliseche, ndipo masana mumadzaza ana. Kholo limodzi likakafika kwa amfumu, shoo yatha.

Che Saidi: Ndiye ndimuuze wogulitsayo achotse zoyankhulayankhulazo?

Anaphiri: Eya, atsale 15 kapena 20 omasuliridwa, a mafayilo okulirapo. Malo otsalawo aikemo Mr Bones ndi za Aki ndi Pawpaw. Akakana kuyesera pa TV yanu, musapereke ndalama.