Ana a matchona ku Zimbabwe: n'chiyani chimawabweza m'mbuyo pa sukulu?

Mphunzitsi wa ku Linthipe

Moni nonse. Mwezi wathawu kunyumba kwathu kunafika mdzukulu wa malume anga amene anapita ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, m'zaka za m'ma 1950 n'kutchona komweko. Mnyamatayu anabadwira pa famu ina ya fodya kufupi ndi Bindura, amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, ndipo ngakhale kuti ndi wanzeru zooneka, sukulu analekezera Giredi 6. Akuti pa komboni pamene anakulira, ana ofika ku sekondale anali owerengeka, ndipo anthu ake ankakwatirana okhaokha, kupemphera okhaokha ndi kuikana m'manda okhaokha.

Funso langa kwa inu amene munakhalako kapena muli komweko ndi ili: kodi abale athuwa amadzipatula okha chifukwa chokakamira miyambo, kapena ndi eni dziko amene anawapatula? Ndikuvomera kuti maganizo anga akupendekera ku miyambo, chifukwa ngakhale kuno kwathu timaona anyamata akusowa m'kalasi nyengo ya dambwe ikafika.

Wobadwira ku Shamva

Aphunzitsi, musanaloze chala gule, yambani mwaona mmene komboni inamangidwira. Agogo athu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankafikira pa famu kapena pa mgodi, ndipo nyumba imene ankagonamo inali ya mwini ntchito. Mshona akachotsedwa ntchito ankanyamula katundu n'kubwerera kumudzi kwawo, kumene kuli munda, mfumu ndi manda a makolo ake, koma mtchona analibe kopita. Sukulu ya pa famu inkakhalapo ngati mzungu wafuna, nthawi zambiri inali ya makalasi oyambirira okha, ndipo mwana akasinkhuka pang'ono ankayamba kusankha fodya pambali pa amayi ake. Mibadwo itatu inakula motero.

Kenako panabwera nkhani ya mapepala, imene kwa ine ndiyo muzu weniweni. Mu 2001 boma linasintha lamulo la unzika, n'kunena kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo m'miyezi 6, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Taganizani munthu wosadziwa kuwerenga, wokhala pa famu yakutali, amene sanapondeko ku Malawi, akuuzidwa kuti apite ku Harare kukakana unzika umene sanaulandirepo. Ambiri anangokhala, ndipo zitupa zawo zinali ndi chilembo cha A, kusonyeza kuti ndi alendo. Kholo lopanda chitupa cholongosoka silingatengere mwana kalata ya kubadwa, ndipo masukulu ambiri amaitanitsa kalatayo polembetsa mayeso a Giredi 7, omaliza a ku pulayimale. Ngakhale mpira kapena mpikisano wothamanga wa pakati pa masukulu, mwana wopanda kalata amatsala, popeza palibe chotsimikizira zaka zake. Ndikukhulupirira kuti mukamufunsa bwino mlendo wanuyo chifukwa chimene analekezera Giredi 6 osati 4 kapena 5, yankho lake likhudza pamenepa.

Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito, nyumba ndi sukulu pa nthawi imodzi, ndipo pogawa malo iwo sankawerengeredwa kwenikweni. Masukulu ongoyembekezera amene anatsegulidwa pambuyo pake, ena ankaphunzirira m'zigafa za fodya. Migodi ina nayo inatsekedwa, monga Kamativi mu 1994 ndi Mhangura mu 2000, n'kusiya anthu m'makomboni opanda ntchito.

Mayi wa ku Mufakose

Zimene anena achimwene a ku Shamva ndi zoona, koma ndikufuna ndiwonjezere za ife amene tinakulira m'tauni, chifukwa ife mapepala ambiri tinali nawo, komabe kusalidwa sikunatiphonye. Kusukulu ankatitchula kuti mabhurandaya, mawu ochokera ku dzina la Blantyre, kapena manyasarandi, ndipo mwana akatulutsa liwu la Chichewa m'kalasi anzake ankaseka mpaka aphunzitsi kuwaletsa, ngati aphunzitsiwo sanasekeko nawo. Ngakhale a Robert Mugabe ananenapo pa msonkhano wa ndale kuti anthu a ku Mbare mu Harare ndi opanda mutupo (mfunda m'Chishona), ngati kuti Banda, Phiri ndi Mwale si mifunda. Mwana wakumva zotere amaphunzira msanga kukhala chete. Ine ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi, funso ndikulidziwa koma dzanja osakweza, ndipo ndikudziwa mabanja amene anafika posintha maina kuti ana awo azimveka ngati Ashona.

Malo okha amene tinkamasuka anali ku tchalitchi cha CCAP, kumene nyimbo ndi ulaliki zinali m'Chichewa, monga mmene anzathu Achiyao ankamasukira ku mzikiti. Choncho mukamaona anthu akupemphera okhaokha, musaganize kuti akukana anzawo. Pena amakhala akupumulirako.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zinthu ziwiri pa pepala. Anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ananena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika yobadwa ngati ankakhala mu Zimbabwe pa nthawiyo. Vuto ndi lakuti kuti upindule ndi ndimeyi uyenera kutsimikiza kumene unabadwira, ndipo amene alibe kalata ya kubadwa ndi omwewo amene akuifunitsitsa. Za chilankhulo, adzukulu anga onse akuphunzira Chishona ndi Chingerezi basi, ndipo Chichewa chawo chimathera pa moni.

Nyakwawa wa ku Mitundu

Ine ndikupempha kuti tisawachotseretu aphunzitsi pa mfundo yawo. Anthu akakhala motsekeredwa kwa zaka zambiri, amayamba kuona sukulu ngati chinthu cha eni dziko, ndipo kholo limene silinaonepo mwana wa pa komboni akulembedwa ntchito ya mu ofesi silidandaula mtsikana akakwatiwa ali ndi zaka 16, kapena mnyamata akathawira kokumba golide. Pamenepo mwambo ndi umphawi zimagwirana manja, ndipo n'kovuta kuzilekanitsa.

Koma pa nkhani ya gule ndikusiyana nawo pang'ono. Kwa munthu wopanda mudzi, dambwe ndi mabungwe osonkherana ndalama za maliro ndiwo anali mfumu, nkhoswe ndi abale. Eni dziko amauopa gule, amautchula kuti zvigure ndipo ambiri amauphatikiza ndi ufiti, choncho mwana wodziwika kuti kwawo kumatuluka zilombo anzake amamutalikira. Kuno kwathu mafumu atagwirizana ndi masukulu kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi, m'madera ambiri kujomba kunachepa popanda kuthetsa mwambo. Ku makomboni kuja chimene chikusowa ndi mtsogoleri wodziwika ndi boma amene angakhale pansi ndi akuluakulu a sukulu n'kupangana zotere.

Mphunzitsi wa ku Linthipe

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinamufunsa mnyamata uja monga munandilangizira bambo a ku Shamva, ndipo wandiuza kuti atamva zoti opanda kalata ya kubadwa sadzalemba mayeso, sanaone chifukwa chopitira Giredi 7. Amayi ake nawonso alibe chitupa chilichonse, ndipo iye anadutsa njira zachidule za ku Tete kuti afike kuno. Tsopano ndili ndi funso lina kwa amene akudziwa za kalembera wa nzika kuno ku Malawi: popeza agogo ake anabadwira m'mudzi mwathu muno ndipo amfumu akuwakumbukira, kodi kalata ya amfumu ndi umboni wa ife abale ake zingakwanire kuti ayambe kulondola chiphaso cha unzika, kapena pakufunika kaye pepala lochokera ku Zimbabwe? Akufuna kuyamba sukulu ya kwacha, ndipo ine ndikufuna kuti akadzafika polemba mayeso asadzabwezedwenso pa khomo.