Manovelo atsopano a zaupandu: tiode bwanji osamiza mpamba?

Mayi wa shopu, Mpondabwino: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeniko nzeru. Amene amanditumizira mabuku kuchokera ku Johannesburg andipatsa mndandanda wa manovelo a zaupandu, zofufuza milandu ndi zaukazitape amene atuluke miyezi ikubwerayi. Akuti ndisankhiretu kuti andisungire. Mndandanda wake ndi wautali, mitengo ili m'marandi. Kunoko makasitomala, makamaka aphunzitsi a ku Chirunga, anamwino a ku chipatala cha Zomba Central ndi apolisi angapo, akumabwera ndi chithunzi cha chikuto pafoni, amvekere "taliona pa Facebook, likafika mutisungire." Koma pashelefu pali kale mabuku amene anthu anawafunsa chimodzimodzi, atafika n'kumva mtengo, osabweranso. Mpamba wanga ndi wochepa. Nditenge angati, ndipo ndisankhe motani?

Madala a pa msika waukulu: Taswera bwino amayi. Musanawerenge n'komwe mayina a mabukuwo, yang'anani kaye ngati alemba mtundu wa chikuto. Amene akugona pashelefu panuwo, si a chikuto cholimba?

Mayi wa shopu, Mpondabwino: Ndi omwewo bambo.

Madala a pa msika waukulu: Ndiye vuto lili pomwepo. Ku UK buku la wolemba wotchuka limayamba kutuluka ndi chikuto cholimba, mtengo wake mapaundi 20 kapena kuposerapo. Laling'ono la chikuto chofewa, la mapaundi 10 kapena kuyandikira pamenepo, limabwera pakatha miyezi 6, nthawi zina chaka chathunthu. Mawu ake ndi omwewo, tsamba ndi tsamba. Kasitomala wa ku Zomba akufuna kudziwa kuti wapha munthu ndani, sakugula chokongoletsera pabalaza. Ine la chikuto cholimba sindiligwira pokhapokha munthu atalipiriratu ndalama yonse.

Wopikula ku Joni, Chinamwali: Zikomo madala, ndiwonjezepo pang'ono. Pakati pa awiriwo pali lachitatu limene ambiri salidziwa. Limatchedwa trade paperback, ena amati export edition. Ndi lalikulu ngati la chikuto cholimba lija koma chikuto chake n'chofewa, ndipo amalisindikizira misika yakunja monga South Africa, n'kulitulutsa nthawi imodzi ndi lolimbalo. M'mashopu a ku Joni monga Exclusive Books ndi limene limadzadza pathebulo la mabuku atsopano. Ndi lotsikirapo mtengo, komanso lopepukirapo, ndipo kwa ife amene timalipira katundu pabasi potengera kulemera kwake zimenezo n'zofunika. Achemwali, muwauze okutumiziraniwo kuti pa buku lililonse alembe ISBN. Ndi nambala ya manambala 13 ija ili kuseri pa barcode, imayamba ndi 978 kapena 979. Buku limodzi lomwelo limakhala ndi ISBN yosiyana pa chikuto chilichonse. Mukaoda ndi dzina lokha, adzakutumizirani limene lili pafupi ndi dzanja lawo.

Chinanso, tsiku limene kasitomala waona pa Facebook ndi la ku London kapena New York. Ku Joni buku likhoza kufika patapita masabata angapo. Kenako likwere basi, lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza, lifike Blantyre, ndiye muzikalitenga. Musalonjeze munthu tsiku. Muuzeni mwezi, ndipo muwonjezereko wina pamwamba.

Wa laibulale ya sukulu, Domasi: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza, chifukwa ifenso timasankha mabuku pa ndalama yochepa. Amayi, musakhulupirire kuti zonse zili pa mndandandawo n'zatsopano. Buku lakale akangolipangira filimu kapena sewero la pa TV, amalisindikizanso ndi chikuto china n'kuliika pa mabuku otuluka kumene. Ena ali ndi dzina lina ku America, lina ku UK, pomwe nkhani ndi imodzi. Kasitomala akagula n'kukapeza kuti analiwerenga kale, adzakubwezerani, ndipo sadzakukhulupiriraninso. Funsani chaka chimene linasindikizidwa koyamba.

Palinso mayina a olemba amene anatisiya kale koma akutulukabe pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu. Robert Ludlum anamwalira mu 2001, Sidney Sheldon mu 2007, koma mabuku okhala ndi mayina awo anapitiriza kutuluka, olembedwa ndi anthu ena amene dzina lawo limakhala m'munsi mwa chikuto. Palibe chinyengo pamenepo, koma kasitomala wachikulire amene anakulira mabuku amenewo muyenera kumuuziratu. Ena amagulabe, ena amakana.

Ndipo poti mukuoda ku South Africa, samalani ndi Deon Meyer. Amalemba m'Chiafrikaans, ndipo buku lake limayamba kutuluka m'chilankhulo chimenecho, la Chingerezi n'kubwera pambuyo. Mukangoti "latsopano la Deon Meyer" mukhoza kulandira buku loti pa Zomba pano palibe angaliwerenge.

Mayi wa shopu, Mpondabwino: Ameneyo alipodi pa mndandanda! Ndifunsa lero lomwe kuti ndi la chilankhulo chanji. Nanga nkhani ya mtengo? Ndikamuuza munthu mtengo lero, pofika katundu zinthu zimakhala zitasintha.

Wopikula ku Joni, Chinamwali: Musatchule mtengo womaliza m'makwacha pa katundu amene sanafike. Tonse tikukumbukira November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atalonjeza makasitomala mitengo yakale anagulitsa moluza. Ine ndimalemba m'kope dzina la kasitomala, ISBN, ndi mtengo wa bukulo m'marandi. Amapereka theka ngati dipoziti, ine n'kusintha ndalamayo nthawi yomweyo, osaisunga m'makwacha. Yotsalayo timawerengera tsiku limene katundu wafika, kuphatikizapo ya basi. Amasaina. Wokana dipoziti ndiye kuti samalifuna kwenikweni, bola mudziwiretu panopa. Malisiti a ku shopu musataye, pa Mwanza amafunika.

Mnyamata wa fotokope, Chikanda: Mabwana, ine ndilankhule zimene ndimaona kuno. Ana a pa yunivesite buku likangotuluka amakhala nalo kale pafoni, PDF, amangotumizirana pa WhatsApp. Ena amabwera kuti ndiwapulintire n'kumanga. Ndiye ndimadzifunsa, bwanji osangotenga PDF yomweyo, kupulinta makope angapo, kuika chikuto chabwino? Palibe za marandi, palibe za basi.

Wa laibulale ya sukulu, Domasi: Ayi achimwene, zimenezo musayambe. Lamulo la Copyright la 2016 limaletsa, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena, ntchito yawo ndi yomweyo. Kupulinta buku la eni n'kumagulitsa ndi mlandu, kaya wolembayo ali ku London kaya ali ku Sadzi. Komanso ganizirani izi: tikazolowetsa anthu kuti buku ndi chinthu chongokopera, amene avutike koyamba ndi wolemba wathu wa konkuno amene wagulitsa mbuzi kuti asindikize makope ochepa.

Madala a pa msika waukulu: Amayi a ku Domasi anena zoona. Ndipo mwana wanga, tawerengera wekha. Novelo ya masamba 400, pepala ndi inki pa mitengo ya masiku ano, kumanga, udzapeza kuti sizikusiyana kwenikweni ndi buku lenileni la kaunjika, chonsecho lako likhala lolemera ndi losaoneka bwino. Ana asukuluwo asiye, si amene tikuwafuna pa mabuku atsopano. Iwo amabwera kudzagula akale otchipa.

Mnyamata wa fotokope, Chikanda: Ndamva madala. Ndimangofunsa.

Madala a pa msika waukulu: Kufunsa n'kwabwino. Tsopano amayi, ndikuuzeni chimene chandisunga ine pa ntchito imeneyi kuyambira nthawi imene anthu ankalimbirana James Hadley Chase ndi timabuku ta Pacesetters. Buku la zofufuza milandu limasiyana ndi Baibulo, dikishonale kapena buku la sukulu. Munthu amaliwerenga kamodzi, mwaliwiro, mwina usiku uwiri, ndipo akadziwa chigawenga basi latha ntchito kwa iye. N'chifukwa chake amaumira kulipira ndalama zambiri. Koma n'chifukwa chakenso buku limodzi likhoza kudyetsa inu kangapo.

Pa mabuku amene afunsidwa ndi anthu ambiri koma palibe wapereka dipoziti, odani limodzi lokha. Likutireni pulasitiki, dindani chidindo cha shopu mkati ndi m'mbali mwa masamba. Muzibwereketsa pa sabata. Ine ndimaika ya sabata pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa bukulo, ndi chikole chimene ndimabweza buku likabwera bwino. Anthu 10 akawerenga, mpamba wabwerera, buku likadali lanu, ndiye mumaligulitsa motsitsa. Amene amathawa mtengo wogula aja, ya sabata amakwanitsa, ndipo pobweza amafunsa kuti chilipo china?

Polandira buku, tsegulani kumapeto pamaso pa mwini wake, muone ngati masamba omaliza alipo onse. Novelo yachikondi yothothoka tsamba lomaliza munthu akhoza kuipirira. Ya zaupandu yopanda mapeto ndi yokulungira mtedza basi. Chimodzimodzi mukamapikula za kaunjika, yambani kumapeto.

Wopikula ku Joni, Chinamwali: Apa madala ndikutsutsaniko pang'ono, mundikhululukire. Mukabwereketsa, amene akanagula aja sagulanso. Ndipo Zomba ndi tauni ya anthu osamukasamuka. Msilikali wa ku Cobbe kapena wapolisi amene anabwera kudzachita kosi akhoza kuchoka mawa, buku lanu n'kupita nalo ku Karonga.

Madala a pa msika waukulu: Tsutsani ndithu. Wogula ndi wobwereka ndi anthu awiri osiyana. Wogula amafuna likhale lake, loyamba kutsegulidwa ndi iye, ndipo ameneyo dipoziti amapereka mosavuta. Za othawa nalo, n'chifukwa chake pali chikole. Munthu wachilendo chikole chake chikhale chokwana mtengo wa buku, akapita nalo ndiye kuti wagula. Amene mwadziwana naye zaka, mumamutsitsira.

Wa laibulale ya sukulu, Domasi: Ine ndili mbali ya madala, chifukwa n'zimene timaona ku laibulale. Ndiwonjeze za kasankhidwe. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amayenda m'ndondomeko, wapolisi kapena wofufuza mmodzi yemweyo m'mabuku ambirimbiri. Latsopano likamalengezedwa, anthu amayamba kufuna akale a munthu yemweyo. Akalewo ali kale m'chikuto chofewa, ndipo ambiri amapezeka pa kaunjika ku Limbe ndi ku Blantyre pamtengo wotsika. Phindu lenileni likhoza kukhala pamenepo. Ndiye pa mndandanda wanuwo, yambani ndi olemba amene makasitomala anu amawadziwa kale. Wolemba woyamba kumene, ngakhale amutame chotani pa intaneti, dikirani chikuto chofewa. Ngati ali wabwino adzakhala wabwinobe chaka chamawa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa mindandanda yonseyi mulibe buku la kwathu kuno. Kale Aubrey Kalitera ankalemba nkhani zothamangitsa magazi, n'kumasindikiza yekha, anthu n'kumagula. Zomba yomweyi ili ndi ndende yaikulu, makhoti, sukulu ya apolisi, nkhani zili mbwee. Ana anga a Fomu 3 amafunsa buku la zofufuza milandu la m'Chichewa, ine n'kusowa chowapatsa. Mukamva wina watulutsa, tiuzane pano. Lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno kope lake lizipita ku National Archives, ndipo ofesiyo ili konkuno, ndiye wodutsa kumeneko akhoza kumatifunsirako.

Mayi wa shopu, Mpondabwino: Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala pansi ndi kope langa. Ndaimbira amene anafunsa aja, atatu avomera kutumiza theka pa Airtel Money mwezi ukatha, awiri akuti bola kubwereka. Ena sanayankhe, ndawachotsa. Ndiye ndioda a dipoziti okhawo, kuwonjezapo awiri obwereketsa, onse a trade paperback. Ndalama yotsala ndikapikulira akale a olemba omwewo ku Limbe. A chikuto cholimba ogona aja nawonso ndiwakutira pulasitiki ayambe kubwerekedwa, kusiyana n'kumangowapukuta fumbi.

Funso lomaliza. Katundu ameneyu akhoza kufika mvula itayamba, ndipo shopu yanga imachita chinyezi.

Madala a pa msika waukulu: Chinyezi cha Zomba musachiderere. Katoni isagone pasimenti, ikani pa thabwa. Shelefu italikirane ndi khoma pang'ono kuti mphepo izidutsa, ndipo muziyang'ana chiswe kuseri. Buku lobwerekedwa lizituluka m'jumbo. Likabwera lonyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo.

Wopikula ku Joni, Chinamwali: Achemwali, mabuku asanu okha pabasi akudyerani ndalama zambiri. Ine ndinyamuka sabata yachiwiri ya mwezi wamawa. Ngati okutumiziraniwo angakonzeretu, ndikhoza kukawatenga n'kuwaphatikiza m'katoni yanga, tigawane ya basi potengera makilo. Ena onse ofuna kuoda nditumizireni ISBN, dzina la buku ndi mtundu wa chikuto lisanafike Lachisanu la sabata ya mawa. Limene lidzakhale lisanafike m'mashopu ku Joni ndidzakuuzani ndili komweko, musankhe kudikira ulendo wina kapena kusintha.

Wa laibulale ya sukulu, Domasi: Mundiwerengere awiri. Ndipempha kaye chilolezo kwa a hedi, nambala ndikutumizirani Lachitatu.

Mnyamata wa fotokope, Chikanda: Pulasitiki yokutira mabuku ndili nayo yambiri, ndi chidindo ndikhoza kukupangitsirani. Amayi, mabuku ogona aja mubweretse Loweruka m'mawa ndidzakutireni.

Mayi wa shopu, Mpondabwino: Ndibwera nawo cha m'ma 9 koloko achimwene. A ku Chinamwali, ndawalembera kale a ku Johannesburg kuti atumize ma ISBN, akangoyankha ndikupatsirani.