Za fani yamagetsi ya rediyeta: fyuzi ikupsabe?

Pa funso la momwe mungamangire fani yamagetsi yoziziritsa rediyeta pa pikiapu, ena mwadandaula kuti fyuzi ikupsa fani ikangoyamba. Chifukwa chake n'chakuti fani ikamadzuka imakoka magetsi ambiri kuposa ikamazungulira, ndiye fyuzi ya 15A (ma ampeya 15) siipirira. Fani yaikulu imafuna ya 30A kapena 40A, pafupi ndi batire, koma waya akhalenso wonenepa, apo ayi wopsa ndi wayayo.

Magetsi onsewo asadutse pa swichi ya kutentha, yomwe imayatsa fani injini ikatentha. Ikani relay, kachipangizo kogwiritsa ntchito magetsi ochepa kutsegulira magetsi ambiri. Lumikizani mapini ake motere: pini 30 ku batire, 87 ku fani, 86 ku magetsi a kiyi, 85 ku swichi ya kutentha ija, yomwe mbali yake ina imapita ku bodi ya galimoto. Kenako, fani ikuzungulira, ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta. Kakamamatira, fani ikukoka bwino. Kakauluka, sinthanitsani mawaya awiri a fani.