Katemera wa hepatitis B watha katatu, anti-HBs ikadali pansi

Namwino wa ku ART: Moni akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi wina kuno, amuna awo ali HBsAg positive, kutanthauza kuti ali ndi kachilombo ka hepatitis B m'magazi. Mayiwa ali ndi HIV, anayamba ma ARV a TLD chaka chatha CD4 ili 140. Mwezi womwewo tinawabaya katemera wa hepatitis B, wachiwiri patatha mwezi, wachitatu pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Patapita milungu 6 anakayezetsa ku labu yolipira, anti-HBs (ma antibody amene katemerayu amayenera kubweretsa) yatuluka 4. Koma pa pepala lomwelo globulin (mapuloteni a m'magazi omwe ma antibody onse amawerengedwamo) ili pamwamba. Ma antibody ochuluka chonchi, nanga a katemerayo ali kuti?

Wa cold chain (wosunga katemera m'furiji): Asisi, yambani mwaona furiji. Katemera ameneyu akangouma ndi kuzizira ndiye kuti wafa, ngakhale botolo lizioneka bwinobwino. Likakhala logundana ndi ma ice pack m'bokosi, chitani shake test (kugwedeza botolo kuti muone ngati katemera anauma ndi kuzizira). Komanso munabaya pati? Pathako sagwira bwino.

Wa ku labu: Malire a anti-HBs ndi 10 mIU/mL, ndiye 4 sakuteteza. Nthawi yoyezera munailondola. Koma mayiwo HBsAg yawo ili bwanji? Munthu amene kachilombo kali kale m'chiwindi, mungamubaye kakhumi anti-HBs siikwera.

Namwino wa ku ART: HBsAg negative, tisanayambe komanso pano. Ndinabaya ndekha pamkono pafupi ndi phewa. Tchati cha furiji chili pakati pa 2 ndi 8 miyezi yonseyo.

Clinical officer: Ndiye yankho lili pa 140 paja, mayi. Timazolowera kuuza odwala kuti CD4 ndi asilikali, koma ntchito yawo yaikulu pa katemera ndi yothandiza B cell. B cell ndi mmisiri wosula ma antibody, koma sayamba ntchito yeniyeni kapitawo asanamulole. Katemera akalowa pamkono amafika m'anabere a m'khwapa. B cell imagwira puloteni ya katemerayo, kuimeza, kuiduladula, n'kuika tizidutswa take pa MHC II, chotengera cha pakhungu pake choonetsera CD4. CD4 ya mtundu wa Tfh (yothandiza B cell m'anabere) ikazindikira kachidutswako imagwirana ndi B cell, CD40L yake kukumana ndi CD40, kenako imatulutsa mapuloteni a uthenga otchedwa IL-21 ndi IL-4. Apo m'pamene germinal centre, malo osulira B cell m'kati mwa anabere, imatseguka. B cell zimaswana, zosula antibody yogwira mwamphamvu zimasankhidwa, zinazo zimafa. IgM, antibody yoyamba kutuluka, imasinthidwa kukhala IgG yokhalitsa. Zina zimasanduka plasma cell n'kukakhazikika m'mafuta a m'mafupa kwa zaka zambiri, zina zimakhala zokumbukira.

Tsono inu munabaya pamene CD4 ili yochepa, viral load (kuchuluka kwa HIV m'magazi) ili m'mwamba. Choipa kwambiri, HIV imakonda kubisala m'ma Tfh omwewo. B cell zinauona katemerayo ndithu, koma wozilola kupitiriza panalibe.

Namwino wa ku ART: Zikomo achimwene, apo ndamva. Nanga globulin ija?

Clinical officer: Imeneyo imatinamiza ambiri. HIV isanagonje ku mankhwala imatakasa B cell mwachisawawa, ndipo zimangotulutsa ma antibody osalunjika pa kanthu. Kuchuluka kwake sikutanthauza chitetezo. N'chifukwa chake munthu amakhala ndi IgG yambiri koma chibayo n'kumamugwira mobwerezabwereza.

Wophunzira wa chaka chachitatu: Pepani akuluakulu, ine funso. Ngati vuto ndi CD4, bwanji osawapatsa anthu otere katemera wosafuna T cell ngati CD4, monga wa polysaccharide (shuga wa pa khungu la bakiteriya)?

Mphunzitsi wa anamwino: Funso labwino mwanawe, ndipo anthu anayesapo. Polysaccharide imadzutsa B cell payokha, koma zotuluka zake kwambiri ndi IgM, sizikhalitsa, ndipo thupi silikumbukira. Ku Entebbe, Uganda, anayesa katemera wa chibayo wa PPV23 pa akuluakulu a HIV, zotsatira zinatuluka mu 2000, sanateteze. Kenako kuno kwathu ku Queen Elizabeth ku Blantyre anayesa katemera wina wa chibayo, PCV7, momwe shuga wa pa khungu la bakiteriya amamangiriridwa ku puloteni kuti CD4 ziitanidwe. Zotsatira za 2010 zinaonetsa kuti anateteza ndi 74 peresenti ku mitundu ya pneumococcus (bakiteriya wa chibayo) ya m'katemerayo, ndipo anagwira ngakhale mwa amene CD4 inali pansi pa 200. Ine phunziro limene ndimatengapo n'lakuti CD4 zochepa zotsalazo si zachabe, ukazipeza zimagwira ntchito. PCV13 ya ana athu kuyambira 2011 ndi katemera wa typhoid wa 2023 anapangidwa mwa njira yomweyo. Wa hepatitis B ndi puloteni kale, choncho popanda CD4 palibe kolowera kwina.

Wa ku labu: Ndiye bwanji adikire CD4 idutse 200 kaye? Kubayanso pano n'kutaya katemera, ndipo wa akuluakulu amasowa.

Clinical officer: Apo sindikugwirizana nanu abwana. Mayiwa akugona nyumba imodzi ndi munthu wa HBsAg positive, ndipo kwa ena CD4 imakwera pang'onopang'ono zaka ziwiri zitatu. Chachikulu ndi viral load. Ikatsika, CD4 zomwe zilipo zimayambanso kuthandiza bwino. Asisi, yomaliza inali bwanji?

Namwino wa ku ART: Ya mwezi watha ndi LDL, kutanthauza kuti HIV siikuonekanso pa makina. CD4 sitinabwereze.

Clinical officer: Bwerezani CD4 kuti mudziwe pamene muli, koma musadikire nambala. Ayambirenso katemera katatu konse. Malangizo a ku America amati kwa a HIV amene katemera sanawagwire, njira imodzi ndi kuwirikiza mlingo, 40 mcg m'malo mwa 20. Kambiranani ndi adokotala anu asanabayidwe. Muyezenso anti-HBs pakatha mwezi umodzi kapena iwiri kuchokera pa jakisoni womaliza.

Mphunzitsi wa anamwino: Ndiwonjezere. Tenofovir ndi lamivudine za mu TLD zimalimbananso ndi hepatitis B, ndiye zikuwatchinjiriza pang'ono, koma musawauze kuti atetezeka. Makondomu, asabwerekane lezala kapena mswachi, ndipo ana a m'nyumbamo ayezedwe. Bambowo akufunika kuonedwa chiwindi pawokha.

Namwino wa ku ART: Zikomo nonse. Mayiwa akubwera Lachinayi kudzatenga mankhwala, ndiwauza abwere ndi amuna awo ndi ana. Mawa ndikaonana ndi adokotala. A cold chain, mabotolo a akuluakulu mungandisungire 6?

Wa cold chain: Ndilipo nawo 4, ena ndiitanitsa. Tumizani fomu mawa m'mawa.