Pampu ikukana kukoka madzi mumtsinje, chalakwika n'chiyani?

Wapampu watsopano, Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Dzulo tinali ndi maphunziro okoka madzi mumtsinje. Tinaimika galimoto yathu yozimitsira moto pamlatho, tinalumikiza mapaipi atatu a sakishoni (okokera madzi), sefa n'kulowa m'madzi. Ndakoka pulaima (kachipangizo kochotsa mpweya mupaipi) mpaka kutentha, madzi osakwera. Singano ya geji imayenda pang'ono kenako n'kubwerera. Anyamata a ku nozo (kamwa yoponyera madzi kumapeto kwa hosi) angoima ndi hosi yopanda kanthu, ana akumudzi akutiseka. Chikundizunguza mutu n'choti pampu ya mtundu womwewu ndinaphunzirira ku Salima, kunyanja, ndipo imakoka bwinobwino.

Madala wopuma ntchito:
Achimwene, musanaiweruze pampuyo, kuchokera pamwamba pa madzi kufika pakamwa pa pampu panali mamita angati? Sindikufunsa kutalika kwa paipi ayi, ndikufunsa kukwera kwake kolunjika.

Wapampu watsopano:
Sitinayeze madala, koma asanu ndi limodzi amapitirira. Madzi aphwa kwambiri Okutobala uno.

Madala wopuma ntchito:
Basi pamenepo. Pampu sikoka madzi monga timanenera. Pulaima imangochotsa mpweya mupaipi, ndiye mpweya wakunja wopsinja pamwamba pa mtsinje ndi umene umawakankhira m'mwamba. M'mphepete mwa nyanja yamchere mphamvu imeneyi imathera pa mamita 10.3, ndipo ameneyo ndi masamu a m'buku, pantchito yeniyeni mukafika 7 mwayesetsa. Mukamakwera mtunda mpweya umapepuka, pa mamita 1,000 alionse mumataya pafupifupi mita imodzi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, pamene Dedza boma ili cha m'ma 1,600. Ndiye zimene pampu imakuchitirani ku Salima musaziyembekeze kuno kumapiri. Pamlatho paja munkaipempha zosatheka.

Makaniko, Ntcheu:
Madala anena zoona, koma ine zoti singano imabwerera zikundikayikitsa. Pamenepo mpweya ukulowa penapake. Chotsani mapaipi, tsekani pakamwa pa sakishoni ndi chivindikiro, mavalavu onse otulutsira madzi ndi timavalavu totayira madzi pansi pa pampu mutseke, kenako kokani pulaima muone ngati singano iima. Ikaima, bwerezani mapaipi ali olumikiza, chivindikiro chili kumapeto. Nthawi zambiri ndi kawasha ka labala, kauma n'kung'aluka. Kanthu kochepa ngati chibangili koma kamaimitsa galimoto yonse. Ndipo pulaima musamaipanikize kupitirira masekondi 45, mudzaiotcha ulele.

Madala wopuma ntchito:
Poyesapo musadabwe singano ikalephera kufika pa -0.8 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya) monga amalembera mabuku ena. Ku Dedza mpweya wonse wakunja ndi 0.84 bar chabe, wopanga bukuyo sanali kuno.

Mayi wa shifiti ya usiku:
Ine ndiwonjezere za sefa, poti zinandichitikira. Madzi anakwera ndithu, koma nditangowonjezera moto wa injini pampu inayamba kulira ngati mwathiramo miyala, hosi n'kufewa. Titavuula sefa tinapeza jumbo ya shuga yamatirira mbali yonse, mchenga uli thoo. Masiku ano ndimailowetsa m'dengu, n'kuimangira chingwe kuti isagone pansi, komanso imire theka la mita kapena kuposerapo, apo ayi imapanga kamvuluvulu n'kumameza mpweya. Ikayamba kulira chonchija bwezani moto, osawonjezera.

Wapampu watsopano:
Ndabwera ndi lipoti. Tayesa m'mawa uno monga ananenera amakaniko. Pampu payokha singano inaima nji. Titalumikiza mapaipi inayamba kutsika, ndipo pa paipi yachiwiri washa anali wong'ambika, mng'alu wake woti chikhadabo chimalowa. Tasintha. Kenako tabwerera kumtsinje, ulendo uno tatsika nayo galimoto pamene amadutsira ngolo, kukwera kwake mamita atatu basi. Masekondi osakwana 20 madzi anali atafika, nozo ziwiri zikuponya bwinobwino. Dengu tabwereka kwa mayi wina amachapa pomwepo, tamulonjeza lina.

Makaniko, Ntcheu:
Mwachita bwino. Mawasha ena awiri asungeni mulokala ya pampu, osati kuofesi. Nanga matayala sanatitimire potuluka?

Wapampu watsopano:
Anatitimira akulu. Atikankha ndi ana omwe amatiseka dzulo aja.